Kanyenyezi M'kati mwa Mitengero

Mvula inali itagwa masiku asanu ndi limodzi osalekeza pamene Aphunzitsi a Intriago analowa m'chipinda cha makompyuta, majombo awo ali matope okhaokha. Sanapereke moni. Anayang'ana atsikana awiri amene anawaitanitsa, kenako anayang'ana wotchi ya pakhoma. Nthawi inali 11 koloko m'mawa, koma kunja kunali mdima ngati dzuwa lalowa kale.

"Mtsinje waboola mpanda wa matumba a mchenga kumsika kuja," anatero aphunzitsiwo akupumira m'mwamba. "Magetsi azimitsa ikakwana 1 koloko. Aliyense akuthawira kutchalitchi cha pachitunda. Dayanara, kapulogalamu kako kaja kakonzeka?"

"Kanakonzeka kalekale, Profe," anayankha Dayanara Macías akukoka mpando.

"Kopera zonse pa disiki iyi. Ine ndikukakweza ana a pulayimale m'galimoto. Mukamva hutala, mutuluke msanga."

Kompyuta imene Dayanara anaiyatsa inali yakale, yotsekeredwa m'chikhola chachitsulo chowotcherera pansi chifukwa cha akuba. Kiyi wake anali ndi ahedi, ndipo ahediwo anali tsidya lina la mtsinje, mlatho utatsekedwa kuyambira dzulo lake. M'kompyutamo munali mapepala a tauni yonse ya Santa Rufina. Madzi osefukira atawononga makalata a anthu zaka ziwiri zapitazo, sukulu inalengeza kuti aliyense abweretse zimene zinatsala zidzajambulidwe ndi kusungidwa. Anthu anabweretsa makalata a kubadwa, a ukwati, a minda ya mpunga ndi ya koko, atawakulunga m'majumbo. Mafayilo anakwana zikwi zinayi, ndipo dzina la fayilo iliyonse linkayamba ndi dzina la banja la mwini wake.

Pa phunziro la makompyuta panalibe womuposa Dayanara, ndipo mwini wakeyo ankadziwa zimenezo. Anatsegula windo lakuda lolembamo malamulo n'kuitana kapulogalamu kake. Ntchito ya kapulogalamuko inali yosavuta: kuyang'ana fayilo iliyonse, ndipo ngati dzina lake likuthera ndi .pdf, kuikopera pa disiki.

Kumbuyo kwake kunaima Yulissa Vera, siketi ikudontha madzi. Kwawo madzi anali atalowa mbandakucha, ngakhale nyumba yawo inali yomangidwa pamwamba pa mizati. Amayi ake anali atatsogola kale kutchalitchi ndi ana ang'onoang'ono. Atsikana awiriwa ankaitanana kuti ñaña kuyambira ali ku pulayimale, ngati ana a mimba imodzi.

"Ñaña, tandilola ndiwerenge kaye usanadine," anatero Yulissa.

"Uwerenge chiyani? Iwe amene unadula banja la De la Cruz patatu?"

Yulissa anangoluma mlomo. Teremu yapitayo anaiwala kuika dzina la fayilo m'mitengero, ndipo kompyuta itaona mipata m'dzinamo inayamba kufunafuna mafayilo atatu: De, la ndi Cruz. Dayanara anaseka mpaka misozi, kalasi yonse n'kusekera naye limodzi. Kuyambira tsiku limenelo anali ndi lamulo limene ankauza aliyense: chilichonse chiikidwe m'mitengero, basi, osafunsa chifukwa.

Dayanara anadina batani. Chala chisanachoke n'komwe, pa sikirini panatuluka mawu oti "Zatheka."

"Waonatu," anatero akutembenuka.

"Mafayilo zikwi zinayi kutha pompo choncho?" Yulissa anawerama n'kuyang'anitsitsa disiki ija. "Kanyali kake sikanathwanime n'komwe. Ine ndimakayang'ana."

Nayenso Dayanara anali ataona kuti kanyaliko sikanathwanime. Koma Yulissa anali atamuimirira pamutu, ndipo mawu ake anamveka ngati a munthu amene wakhala akudikira tsiku lobwezera.

"Ukalemba bwino zimathamanga. Sizimachita kukwawa ngati zako."

"Tangotsegula disikiyo tione. N'kanthu ka mphindi imodzi."

"Ukufuna undiphunzitse ntchito lero? Iweyo?"

Panja hutala inalira kawiri, kenako inalira osasiya. Dayanara anazula disiki n'kuiponya m'thumba la juzi yake.

Ulendo wopita kuchitunda unali wa phee. Ana a pulayimale anathithikana kumbuyo kwa galimoto pansi pa chilona, osaseka, osalira. Pamphambano ya kumsika madzi ofiirira anali akuoloka msewu atanyamula mathunthu a nthochi, botolo la gasi, ndi nkhuku yakufa miyendo ili m'mwamba. Dayanara anagwira disiki ija ndi dzanja m'thumbamo. Ankadziuza kuti mwina sanaonetsetse, mwina kanyali kaja kanathwanima iye akuyang'ana kwina.

M'tchalitchi mabenchi anali atakankhidwira kukhoma, pansi pali matiresi okhaokha. Pakhonde azimayi ankaphika mpunga mumphika waukulu ndi kukazinga nthochi zosapsa. Wailesi ya wina inkatchula mayina a midzi imene inali itamira. Atangotsika, mayi wina wamfupi wovala malaya a mwamuna anabwera mothamanga n'kukumbatira Yulissa. Anali Doña Genoveva, amayi ake. Kenako anatembenukira kwa aphunzitsi.

"Profe, chitini changa chapita."

"Chitini chanji, Doña Genoveva?"

"Cha mapepala. Ndinachiika pamwamba pa kabati. Pamene ndimatsitsa ana, kabati inagwa, chitini n'kutulukira pakhomo ine ndikuona." Anapukuta nkhope ndi mkono. "Munali kalata ya munda ija."

Aliyense ku Santa Rufina ankaidziwa nkhani ya munda wa a Vera. Malemu bambo ake a Yulissa anaugula kwa mkulu wina wa minda yambiri, n'kulemberana kalata ya pamanja pamaso pa mboni ziwiri. Mkuluyo anamwalira, ndipo ana ake anali atabwera kale kawiri kudzanena kuti bambo awo sanagulitsepo munda kwa munthu. Ulendo uliwonse chimene chinkawabweza chinali kalatayo.

"Koma mtima wanga uli m'malo," anapitiriza Doña Genoveva akumwetulira Dayanara. "Unaijambula ndiwe, mwanawe, ine nditaima pomwepo. Tandionetsani chabe, kuti mpungawu ndiudye ukutsika."

Aphunzitsi a Intriago anatulutsa kompyuta yawo yam'manja m'chikwama n'kuiika pa benchi. Dayanara anapereka disiki. Aphunzitsi anailumikiza n'kuitsegula. Windo linatseguka loyera mbee. Munalibe kanthu.

"Yanyowa," anafulumira kutero Dayanara. "Kapena inali yowonongeka kale. Madisiki amenewa amatero."

Aphunzitsi anatenga chithunzi china cha m'kompyuta yawo n'kuchikopera pa disikiyo. Chinalowa bwinobwino, kanyali kakuthwanima. Yulissa anangomuyang'ana mnzakeyo, ndipo Dayanara analakalaka akanangomukalipira.

"Tandilembera mzere umene umasankha mafayilo," anatero aphunzitsi akumupatsa cholembera ndi kapepala ka nyimbo za pa Misa. Kuseri kwa kapepalako Dayanara analemba:

if [[ $f == "*.pdf" ]]

Aphunzitsi anauyang'ana mzerewo, n'kutseka maso kanthawi.

"Kanyenyezi aka kakakhala poyera kamaimira dzina lililonse," anatero akukaloza. "Alcívar, Macías, Vera, onse. Koma iwe wakatsekera m'mitengero. M'mitengero kamasiya ntchito, kamangokhala kanyenyezi wamba. Ndiye kompyuta yafunafuna fayilo imene dzina lake ndi kanyenyezi, kadontho, p, d, f, ndendende. Yayang'ana mafayilo zikwi zinayi, yapeza kuti palibe ya dzina limenelo, n'kuwadutsa onse."

"Koma inalemba kuti zatheka," anatero Dayanara ndi mawu otsika.

"Mawu amenewo unalemba ndiwe pa mzere womaliza. Akanatuluka ngakhale disiki ikanakhala kwanu pansi pa bedi."

Doña Genoveva ankayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. "Profe, ine za nyenyezizo sindikuzimva. Kalata yanga ilipo kapena palibe?"

"Ilipo, koma ili kusukulu." Aphunzitsi anayang'ana wotchi yawo. Inali itadutsa 12 koloko ndi mphindi zisanu. Anazula disiki n'kunyamuka.

"Ndipita nanu," anatero Dayanara. "Inu muchedwa kufunafuna pamene ndinakasunga kapulogalamuko."

Aphunzitsi anazengereza, kenako anagwedeza mutu movomera. "Tamvera. Madzi akakhudza sitepe yachitatu ya pakhomo la kusukuluko tikubwerera, kaya zatha kaya sizinathe. Sindikufuna kumva za kamphindi kamodzi."

Galimoto ikuyamba kuyenda, chitseko chinatseguka ndipo Yulissa anadziponya m'kati.

"Yulissa! Tsika msanga!" anakuwa amayi ake pakhonde.

"Ndi kalata ya ababa, amayi!"

Pobwerera madzi a pamphambano paja anali atafika pakati pa mateyala. Galimoto inatsokomola kawiri koma sinazime. Pabwalo la sukulu panali patasanduka dziwe, mapolo a zigoli za mpira ataima m'madzi. Anaoloka atagwirana manja, madzi akuwakoka m'miyendo. Sitepe yoyamba ya pakhomo la chipinda cha makompyuta inali itamira kale.

Kompyuta inali ikadali yoyaka monga anaisiyira, mawu aja oti "Zatheka" ali pomwepo. Dayanara anatsegula kapulogalamu kake. Anafufuta mitengero ya pa kanyenyezi, kenako anatsikira pa mzere wotsatira, wolamula kukopera, pamene panalembedwa cp "$f", n'kuyamba kufufutanso pamenepo.

Yulissa anamugwira dzanja. "Osati imeneyo."

"Mitengero ndi imene yatipweteka!"

"Ya pa kanyenyezi yokha. Iyo ikugwira dzina la fayilo kuti lisamwazike. Ukaichotsa, a De la Cruz aduka patatu, ndipo sakopedwa. Ndikudziwa zimene ndikunena."

Dayanara anayang'ana aphunzitsi, amene anaima pakhomo maso ali pa madzi.

"Akunena zoona," anatero osatembenuka. "Pamene ukufuna kuti kompyuta ifananitse mayina ambiri, usiye poyera. Pamene ukufuna dzina limodzi lifike lathunthu, utsekere. Fulumira."

Dayanara anabwezera mitengero ija. Anawonjezera lamulo loti dzina la fayilo iliyonse lizioneka ikamakopedwa. Kenako anakankhira mpando pambali pang'ono, ndipo Yulissa anawerenga mizere yonse ndi chala, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Dina."

Kanyali ka pa disiki kanayamba kuthwanima. Mayina anayamba kutsika pa sikirini motsatira alifabeti, limodzi limodzi, mosafulumira. Alcívar. Anchundia. Bajaña. A Cedeño okha anatenga mphindi zitatu, chifukwa theka la msika linali la banja limenelo. De la Cruz anadutsa wathunthu, koma palibe anaseka.

"Sitepe yachiwiri yamira," anatero aphunzitsi.

Mvula inakula padenga mpaka anasiya kumvana bwino. Nyerere zinkakwera khoma m'mizere, zitanyamula mazira awo. Kwinakwake kuseri kwa makalasi kunamveka chinthu chikugwa, ndipo nyali ya kudenga inachita ngati izima, n'kuyakanso. Intriago. Loor. Kenako Macías. Dayanara anaona kalata yake ya kubadwa ikudutsa, ya mlongo wake, ya ukwati wa makolo ake, ya nyumba yawo. Anaweramitsa mutu.

"Sizingatheke kudumpha, tiyambe ndi zathu?" anafunsa Yulissa.

Dayanara anaika manja pa mabatani, n'kuwachotsanso. Ankaopa kukhudza chilichonse. Aphunzitsi anayang'ana wotchi n'kuwerengera.

"Isiyeni. Pa liwiro limeneli imaliza kutatsala mphindi zisanu kuti 1 koloko ikwane. Tikwanitsa."

Mendoza. Moreira. Pincay. Quijije. Yulissa anayamba kutchula mayinawo chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Madzi anali akunyambita m'mphepete mwa sitepe yachitatu. Rivas.

Panamveka kaphokoso kakang'ono, ndipo chipinda chonse chinachita mdima. Chokupizira mphepo cha m'kompyuta chinazungulira pang'ono n'kuima. Wotchi ya pakhoma, yoyendera batire, inkaonetsa kuti kwatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti 1 koloko ikwane.

"Sinakwane," anatero Yulissa. "Profe, 1 koloko sinakwane! Ayatsanso. Tidikire."

"Sayatsanso. Tiyeni."

Yulissa anagwira zitsulo za chikhola chija n'kuzigwedeza ndi mphamvu zake zonse. Sizinasunthe. Aphunzitsi anachita kumumasula zala chimodzichimodzi. Pamene ankatuluka, madzi anali atayamba kulowa pansi pa chitseko.

Atafika kutchalitchi analumikizanso disiki ija. Mafayilo analimo, kuyambira Alcívar mpaka Rivas. Anthu amene anaunjikana pa benchipo anayamba kufunsa mayina awo, ena n'kuomba m'manja. Bambo wina wa banja la Cedeño anamusisita Dayanara paphewa n'kumutcha ngwazi. Mabanja a Solórzano, Vera, Villamar ndi Zambrano anangoima kumbuyo, akudikira kuti wina awauze kanthu.

Doña Genoveva anali atakhala pa matiresi pakona, mbale ya mpunga ili pambali pawo yosakhudzidwa. Yulissa anakhala pafupi nawo atakumbatira mawondo. Aphunzitsi a Intriago anapita n'kugwada mwendo umodzi.

"Doña Genoveva, magetsi anazima nthawi isanakwane. Inenso ndinawerengera molakwa. Pepani kwambiri."

"Ndi mvula, Profe," anatero mayiwo mwakachetechete. "Mvula siimbidwa mlandu."

Dayanara anali ataima kuseri kwa chipilala. Akanatha kukhala pomwepo. Yulissa sanali kunena kanthu, ndipo zinkaoneka kuti sadzanena. Komabe Dayanara anatulukira.

"Si mvula, Doña Genoveva."

Mayiwo anadzutsa mutu.

"Tinali ndi maola awiri athunthu. Ntchito yake inali ya theka la ola. Yulissa anandipempha kuti awerenge ndisanadine, ndinamunyoza. Anandiuza kuti disiki sinalandire kanthu, nanenso ndinaona kuti sinalandire, koma ndinakana kutsegula chifukwa wanena ndi iyeyo. Kalata yanu ndataya ndine."

Bambo wa banja la Cedeño uja anayang'ana kumbali. Doña Genoveva anamuyang'ana Dayanara nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo sinafewe.

"Unaona, n'kukhala chete?"

"Inde."

"Wadya pakhomo panga kangati, iwe?"

Misozi ya Dayanara inkatsika, koma sanaipukute.

"Kulirako sikundibwezera munda," anatero mayiwo. "Pamene unkaijambula kalata ija, unaiwerenga?"

"Ndinaiwerenga. Ndinaijambula katatu chifukwa inki inali itafufuma."

"Ndiye madzi akaphwa ndikupita kumzinda wa Babahoyo kukafuna loya, ana a mkulu wa minda uja asanamve. Upita nane. Ukanene zimene unaona ndi maso ako, ndiponso ukanene chifukwa chake kalatayo kulibe. Monga wanenera panomu."

"Ndipita."

Madzi anakhala m'tauni masiku asanu ndi anayi. Kusukulu anafika m'mawindo. Ahedi atabwera pa bwato ndi kiyi n'kutsegula chikhola, kompyuta inatuluka yodzaza matope, ndipo katswiri amene anaitanidwa anaimasula, n'kuyesa masiku awiri, n'kupukusa mutu. Masiku onsewo Yulissa sanamulankhule Dayanara. Akakumana pamzere wotunga madzi akumwa, ankayang'ana chidebe chake.

Lolemba limene mlatho unatsegulidwa, Doña Genoveva ndi Yulissa anafika pa siteji 7 koloko m'mawa. Anapeza Dayanara ali kale pomwepo, atavala yunifolomu yochapa bwino, kope lili m'manja. Anali atalembamo zonse zimene ankakumbukira za kalata ija: chaka, kukula kwa munda, malire ake kuyambira pa mtengo wa mango mpaka pa ngalande, malo amene panali chidindo cha chala, ndi mayina a mboni ziwiri. Anapereka moni kwa Doña Genoveva, kenako anatambasulira Yulissa kopelo.

"Tandionera ngati ndalakwitsa pena."

Yulissa anayang'ana kopelo kanthawi asanalilandire. Anawerenga pang'onopang'ono, basi ikutulukira pa ngodya ya msika, matope akuuluka m'mateyala.

"Mboni yachiwiri anali a Toribio Loor, osati a Tiburcio," anatero. "Ndipo ali moyo. Amakhala kwa mwana wawo ku Vinces."

Dayanara anatulutsa cholembera m'thumba n'kumupatsa.

"Konza," anatero.

Yulissa anakhwatcha dzinalo n'kulemba lolondola pamwamba pake. Basi inaima. Doña Genoveva anakwera koyamba, atsikana awiri aja n'kutsatira, kope lili m'manja mwa Yulissa.